Tchuthi cha masiku atatu, koma anapuma ndani?



Phunziro la sabata ino ndalitola kwathu ku Ntaja, pa tchuthi cha Tsiku la Kamuzu. Pa 14 May panali Lamlungu, ndiye tchuthi chinasunthira Lolemba, ife ophunzira ku Zomba n'kupata masiku atatu athunthu. Lachisanu nditangotuluka ku Jumu'ah ndinakwera minibasi, kudutsa pa Liwonde, kukafika kwathu dzuwa litapendeka. M'mutu mwanga munali zinthu zitatu basi: tulo, bawo, ndi mpira wa ku England poti ligi inali kumapeto.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene pakhomo pamaonekera masika akamatha. Chimanga chachoka m'munda chili mulu pabwalo, mtedza wayanikidwa, mbatata ndi zosayamba. M'mawa kamphepo ka chisanu kayamba kulasa, ndipo dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, moti Asr ndi Maghrib zimaoneka ngati zayandikana. Ndi nyengo yokoma kukhala pakhomo. Ndi nyengonso imene ntchito imachuluka kuposa manja.

Loweruka nditaswali Fajr ndinabwereranso m'bulangeti. Podzuka cha m'ma 9 ndinapeza madzi osamba ali otentha, tiyi ndi futali zili patebulo. Sindinafunse kuti wakonza ndani. Nditadya ndinapita pansi pa mtengo wa mango pomwe ababa ndi amalume anali atayala kale bawo.

Za bawo ndiye musandiyambe, ndikhoza kulemba mpaka mawa. Mizere inayi, mzere uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32, njere 64. Ongoonerera amaganiza kuti ndi kuponya njere m'maenje basi, koma katswiri amawerengera mumtima komwe njere yomaliza ikagwere, ndi komwe ikagwerenso akanyamula zomwe waipeza nazo, kangapo konse asanakhudze thabwa. Ababa sanapite patali ndi sukulu, koma ine wa masamu a ku yunivesite amandidya ngati mwana. Tinasewera mpaka azana ya Zuhr, titabwerako kumzikiti n'kupitiriza.

Chakumadzulo mng'ono wanga wa Sitandade 7 anandikokera ku khola lake la nkhunda. Anayamba ndi ziwiri, pano zadzaza. Mwanayu amazidziwa iliyonse payokha. Anandiuza kuti nkhunda imaikira mazira awiri okha, ndipo amaswa pakatha masiku ngati 18. Kenako anandilozera ina yomwe inali phee m'chisa. "Iyo ndi yaimuna, achimwene. Masana imakhalira mazira ndi iyo kuti yaikazi ikadye, usiku amasinthana. Maunda akaswa amadyetsa onse awiri." Ndinaseka, n'kumuyamikira kuti adzakhala dokotala wa ziweto. Sindinaganize kalikonse kupitirira apo.

Nkhani inadzandipeza usiku. Mchemwali wanga ali Fomu 4, mayeso a MSCE atsala milungu yowerengeka. Iyeyu amakonda kuluka, ndipo tchuthi chapita anandilonjeza chipewa cha ulusi choti ndizikavala ku Zomba, poti kuja June akafika kumazizira zenizeni. Titaswali Isha ndinamupeza kukhitchini akutsuka mapoto.

"Chipewa changa chija chili kuti, iwe?"

"Achimwene, ndiluke nthawi yanji?"

Sanayankhe mwaukali ayi, anangonena akupitiriza kukwecha poto. Kenako anaonjezera kuti, "Tchuthi ndi cha inu obwera. Ife mukabwera ndiye mbale zimachuluka."

Anandionetsa chipewacho. Chinali chitafika pakati, singano ili chibayire pomwe anasiyira mwezi wa March. Pansi pake panali buku la Biology.

Ndinakagona koma tulo sitinabwere msanga. Ndinayamba kuwerenga maola a tsikulo ngati mmene ababa amawerengera njere. Ine: kugona mpaka 9, bawo maola pafupifupi asanu, nkhunda, foni. Iye: kudzuka Fajr isanakwane, kumjigo katatu, kusesa, kuphika kadzutsa, kutong'ola chimanga ndi amayi mpaka masana, kuphika, kuanula mtedza, kuphikanso, mapoto. Pakhomo pathu mwamuna aliyense ali ndi chomwe amakonda ndipo ali ndi nthawi yake yochichitira. Ababa bawo, mng'ono wanga nkhunda, ine mpira. Amayi sindikudziwa n'komwe chomwe amakonda, ndipo zimenezi ndikulemba ndi manyazi. Maola asanu omwe ndinakhala pansi pa mango aja sanagwe kumwamba. Wina anawalipira, ndipo anawalipira ndi nthawi yake yowerengera mayeso.

Apa ndi pomwe ndinakumbukira hadith yomwe tinaloweza ku madrasa tili ana, yopezeka mu Sahih al-Bukhari. Al-Aswad anafunsa Mayi Aisha (radhiyallahu anha) zomwe Mtumiki (swallallahu alayhi wasallam) ankachita akakhala m'nyumba, ndipo yankho lake linali loti ankagwira ntchito zothandiza a pabanja pake, nthawi ya swala ikakwana n'kutuluka kukaswali. M'mahadith ena muli zoti ankadzisokera chovala, kukonza nsapato zake ndi kukama mbuzi. Ine hadith imeneyi ndinaikhoza pa mayeso a ku madrasa. Koma mbali yomwe ndakhala ndikutsatira ndi yomaliza yokha, yotuluka kupita kumzikiti. Yoyambayo ndinaisiya m'kope.

Palinso ina mu Sunan Abi Dawud yomwe ambiri timaikamba pa maukwati n'kuiiwala: Mtumiki anathamangapo mpikisano ndi Mayi Aisha, Mayi Aisha n'kupambana, ndipo patapita zaka anathamanganso, ulendo uno n'kupambana iye. Taonani bwino, sikuti ankangothandiza ntchito. Ngakhale masewera, mkazi wa m'nyumba anali nawo gawo. Choncho musandimve ngati ndikuti bawo ndi loipa kapena kuti wophunzira asapume. Thupi limafuna kupuma, ndipo semesita imatopetsa. Funso langa ndi loti kupumako kukugawidwa bwanji pakhomo.

Lamlungu nditachoka ku Fajr ndinatenga zigubu ziwiri kupita kumjigo. Ndisanene bodza, sizinali zophweka. Amayi atandiona anathamanga kudzandilanda. "Mwana wa ku yunivesite kumjigo? Anthu aziti chiyani? Aziti mchemwali wako ndi waulesi." Mwaona pomwe pali mfundo? Ngakhale mwamuna atafuna kugwira ntchito, wonyozedwa amakhalabe mtsikana. Ndinawauza kuti akafunsa muziti ndine ndakakamira. Kumjigo azimayi anandiseka, wina n'kufunsa ngati ku Zomba amatiphunzitsa zotunga madzi. Ndinaseka nawo. Ababa sananene kanthu, anangondiyang'ana n'kuyang'ananso thabwa lawo.

Kenako ndinakhala pamphasa ndi amayi kutong'ola chimanga, mchemwali wanga n'kulowa m'nyumba ndi mabuku ake. Pofika 11 koloko zala zazikulu zonse ziwiri zinali ndi matuza. Amayi ankangondiseka, manja awo akuyenda ngati makina. Ndipo pamphasa pomwepo ndi pomwe ndinaphunzira zinthu zomwe ndadya zaka zoposa 20 osazidziwa. Chimanga sichiikidwa m'thumba chisanaumitsitse, apo ayi chimachita chuku. Amayi amaluma njere: ikaphulika kuti thwa ndiye chauma, ikanyenyeka mwakachetechete chibwererenso padzuwa. Njira ina anaiphunzira kwa alangizi: njere zingapo ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kukhutchumula, mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chinyezi chikadalipo. Matumba ena amathira mankhwala a anankafumbwe, ena amasunga m'matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, omwe ukamanga bwino tizilombo timafa tokha posowa mpweya. Thumba limodzi la makilogalamu 50 likafumbwa, ndi chakudya cha milungu ingapo chomwe chapita, ndipo pofika January mtengo wake pamsika umakhala wina.

Tikutong'ola chomwecho ndinawafunsa chomwe ankakonda ali mtsikana. Anakhala chete kaye, kenako anati ankasewera netiboli, ndipo anali woponya. Zaka zonsezi, ine osadziwa kuti amayi anga ankagoletsa.

Mpira wa tsikulo ndinaupeza chigawo chachiwiri chili mkati, ndipo palibe chomwe chinandichitikira.

Lolemba masana ntchito itachepa ndinabweretsa bawo pakhonde, n'kuuza mchemwali wanga kuti abwere ndimuphunzitse. Anakhala pansi, ine n'kuyamba kufotokoza za maenje ndi kadyedwe. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anandidya magemu awiri otsatizana. Zikuoneka kuti zaka zonse zomwe wakhala akubweretsa tiyi pansi pa mango, maso ake amakhala pa thabwa. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, ababa n'kuti, "Tasuntha iwe, ndisewere ndi munthu wodziwa."

Sindikufuna kudzipanga ngwazi. Ndinagwira ntchito tsiku limodzi ndi theka, pomwe iye amagwira chaka chonse, ndipo Lachiwiri lake ine ndinali m'kalasi ku Zomba, iye kumjigo. Chomwe tinagwirizana ndi ababa ndi choti mpaka MSCE ithe, madzi a m'mawa ndi mapoto a usiku ndi ntchito ya mng'ono wanga, nkhunda aziziona akamaliza. Mnyamatayo anadandaula, ine n'kumukumbutsa zomwe anandiphunzitsa yekha za nkhunda yaimuna ija. Anangoti, "Aaa, achimwene," n'kukatenga chigubu.

Chipewa chija sichinathe. Ndamuuza kuti asachikhudze mpaka atalemba pepala lomaliza, In shaa Allah. Chisanu cha chaka chino ndivala chakale chomwe.