Mafuta Akamadontha Kuseri kwa Gudumu la Land Rover

Ambiri a ife taionapo galimoto ya Land Rover ikudutsa m'matope ndi m'miyala mmene magalimoto ena sayesamo dala. Galimotoyi inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam m'chaka cha 1948, ndipo Defender yakale inaleka kupangidwa mu 2016, koma zambiri zikugwirabe nchito. Tsono tiyeni tiphunzire za bvuto limodzi limene eni ake amalidziwa bwino, ndilo kudontha kwa mafuta kuseri kwa gudumu la kutsogolo.

Choyamba timvetse kapangidwe kake. Gudumu la kutsogolo liri ndi nchito ziwiri, kukoka galimoto ndi kukhota. Chifukwa cha ichi, kumapeto kwa ekiselo kuli mpira wachitsulo wosalala ndi wonyezimira, ndipo pa mpirawo anabvekapo chibokosi chimene amakaniko amachitcha swivel housing. Chibokosichi chimatembenuka pa mapini awiri, ina pamwamba, ina pansi. M'kati mwake muli joini imene imapereka mphamvu ku gudumu ngakhale pamene galimoto ikukhota. Joiniyo imakhala m'mafuta olimba otchedwa EP90, pafupifupi theka la lita pa magalimoto a Series. Pa ena a pambuyo pake amathiramo girizi wofewa. Choletsa mafutawo kutuluka ndi sili ya labala, yozungulira ngati khoza, imene imapukuta mpira nthawi zonse gudumu likamakhota.

Kodi kudonthaku kuli ndi kanthu? Inde, kuli ndi kanthu. Pamene mafuta atulukira, madzi ndi mchenga zimalowerapo. Joini youma imadyeka, ndipo ikhoza kuthyoka muli kutali ndi chithandizo.

Zoyambitsa zake ndi zinai. Sili imakalamba ndi kuuma. Mpira umachita dzimbiri kapena kugumuka ndi timiyala, ndipo timaenje take timang'amba sili. Mapini akadyeka, chibokosi chimagwedera, ndipo sili imalephera kugwira mpira mofanana mbali zonse. Chachinai ndi kabowo kopumira ka ekiselo: kakatsekeka ndi matope, mpweya wa m'kati ukatentha umasowa potulukira, ndipo umakankhira mafuta a m'ekiselo kulowa m'chibokosi kufikira chitasefukira.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Musathamangire kugula sili musanapeze gwero la bvuto. Chitani izi:

1. Tsukani malo onsewo, muyendetse galimoto pang'ono, nimuone pamene mafuta akuchokera. Ngati akutsika pa mpira, ndi sili imeneyi. Ngati akutuluka m'mabuleki, bvuto liri pa sili ya habu, ndipo galimotoyo isayende isanakonzedwe, pakuti mabuleki onyowa ndi mafuta sagwira.

2. Masulani kopumira kaja, mukatsuke, muone ngati mpweya ukupita.

3. Nyamulani galimoto ndi jeke, niikhale pa zochirikiza zachitsulo pa malo olimba. Musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Ngati likugwedera, mnzanu aponde buleki. Kugwederako kukatha, ndi mabering'i a gudumu. Kukapitirira, ndi mapini. Mapiniwo amakungidwa pochotsa timalata topyapyala totchedwa ma shim pansi pa mutu wa pini ya pamwamba, ndipo mmisiri amayesa kulimba kwake ndi sikelo ya sipuring'i.

4. Khotetsani chiwongolero mpaka mapeto, mupapase mpira ndi chala. Timaenje tating'ono mukhoza kutipala, kutimata ndi epoxy ndi kusalaza bwino. Koma mpira wodyeka kwambiri ufunika wina, chifukwa sili yatsopano pa mpira woipa siikhalitsa.

Posintha sili, chotsani gudumu, mumasule ndodo ya chiwongolero ndi paipi ya mabuleki. Masulaninso kachitsulo kogwira sili, ndi mabauti omangirira mpira ku ekiselo, ndipo solozani zonse pamodzi mosamala, pakuti nzolemera. Sili yakale imatulukira kumbuyo, ndipo yatsopano imalowera komweko, mutayamba mwaipaka mafuta. Pomanganso, chotsani mpweya m'mabuleki musanayende. Amakaniko ena amangodula sili yatsopano, naikulunga pa mpira, podulapo kukhala pamwamba. Njirayi ikhoza kukufikitsani kunyumba, koma si yodalirika.

Potsiriza, galimoto iime pa malo athyathyathya. Ngati ndi ya mafuta, masulani pulagi ya m'mbali mwa chibokosi, muthire EP90 kufikira atayamba kubwerera pa bowolo. Musapyole pamenepo. Mafuta akale asatayidwe pansi kapena mumtsinje.

Dziwaninso kuti chinyezi chochepa pa mpira si matenda, chifukwa sili imasiya mafuta pang'ono otetezera chitsulo ku dzimbiri. Chodetsa nkhawa ndi madontho ofika pa tayala kapena pansi. Choncho nyengo ya mvula, mukaoloka mitsinje, tsukani matope pa mipira yonse iwiri, nimuone ngati mafuta sanasanduke oyera ngati mkaka, chimene chiri chizindikiro cha madzi. Amene aona zotere asinthe mafutawo tsiku lomwelo.