LIMBA LA ZITOLIRO PA WAILESI

Munthu wopotoza wailesi m'mawa wa tsiku la Sabata, kapena usiku ana atagona, nthawi zina apeza kulira kwacilendo. Kuyamba pang'onopang'ono ngati mnyamata woweta ng'ombe ali kuliza citoliro ca bango kutsidya kwa dambo. Posakhalitsa kukula, kufikira kumveka ngati mabingu a mvula yoyamba. Palibe munthu aimba. Potsiriza muulutsi achula dzina la mzinda wa kutari ndi caka cimene cinthuco cinamangidwa, 1693 kapena 1738, natonthola. Limeneli ndilo limba la zitoliro, limene Azungu alicha organ. Mkristu wozolowera kuimba nyimbo za Mulungu ndi pakamwa pokha akhoza kufunsa moona mtima: Kodi uku ndi kupembedza, kapena ndi masewera a anthu acuma? Funsoli si latsopano. Masinodi anakangana nalo zaka zoposa 100, ndipo mwambo womvera limba popanda woimba unakula m'kati mwa mkangano womwewo.

MAPANGIDWE ACE

Limba liri ndi zinthu zitatu: mphepo, zitoliro, ndi timatabwa toyera ndi takuda, tochedwa makiyi, timene woliza asindikiza ndi zala. Citoliro ciri conse cidziwa liu limodzi lokha, monga kacitsulo kali konse ka kalimba kali ndi liu lace. Cacitari ciri ndi liu lalikuru, cacifupi ciri ndi liu laling'ono. Zazitari koposa zifika mamita pafupifupi 10, ndipo zina ndi zazifupi kuposa cala ca munthu. Zina zipangidwa ndi matabwa, zambiri ndi mtobvu wosanganiza ndi tini. Ziima m'mizere, mzere uli wonse ndi kamvekedwe kace: wina ngati lipenga, wina ngati citoliro ca bango, wina ngati zeze. Woliza akoka cogwirira kuti atsegule mzere umene aufuna, ndipo mau akuru awaliza ndi mapazi pa matabwa okhala pansi pa mpando wace.

Mphepo icokera m'mibvukuto, yonga ya osula makasu koma yaikuru kwambiri. Kale amuna anaiponda ndi mapazi kuseri kwa limba, osaoneka ndi mpingo. Makono nchitoyo icitidwa ndi makina a magetsi. Popeza mphepoyo sileka, liu likhala nthawi yonse imene cala ciri pa kiyi. Munthu woyambitsa nyimbo atha mpweya, koma limba silitha mpweya, ndipo cifukwa cace likhoza kunyamula khamu la anthu oimba.

Limba silinabadwire m'chalichi. Woyamba kulipanga anali Ktesibios, mmisiri wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, zaka zoposa 200 asanabadwe Ambuye. Anthu a ku Roma wakale analikonda pa mabwalo ao a masewera, pamene amuna anamenyana ndi malupanga kufikira imfa. Akristu oyamba anaimba ndi pakamwa pokha. M'caka ca 757 mfumu Constantine V ya ku Constantinople inatumiza limba kwa mfumu Pepin ngati mphatso yaulemu, ndipo pofika zaka za m'ma 900 malimba anayamba kuoneka m'machalichi akuru a ku Ulaya. Limodzi la akale koposa amene akali kulira liri ku Sion m'dziko la Switzerland. Linamangidwa ca m'ma 1435.

MLANDU WA KU HOLLAND

Pa nthawi ya Kukonzanso Mpingo atsogoleri sanabvomerezane za limba. Martin Luther analisunga. Zwingli wa ku Zürich, ngakhale iye mwini anadziwa kuliza zoimbira zambiri, analikana, ndipo m'caka ca 1527 limba la m'chalichi cacikuru ca mzindawo linapasulidwa. Calvin wa ku Geneva analamula kuti mpingo wonse uimbe Masalmo ndi liu limodzi, popanda coimbira ciri conse.

Akristu a ku Holland anatsata Calvin. Nkhani yao iyenera kudziwika kuno, pakuti amishoni amene anafika ku Magwero m'caka ca 1899 anali a mpingo wa Dutch Reformed, mphukira ya mpingo womwewo. Sinodi ya ku Dordrecht ya caka ca 1574 inagamula kuti kuliza limba kuleke m'machalichi, ndipo ya 1578 inapempha kuti malimbawo acotsedwe. Abusawo sanali odana ndi nyimbo. Anaima pa ciphunzitso ca Paulo ca pa 1 Akorinto 14, cakuti za mu msonkhano wa Akristu zikhale zomveka ndi zomangirira; naonanso kuti limba lolira anthu poturuka liwaiwalitsa ulaliki umene angomva. Mbusa ali yense amene anaonapo anthu ali kukamba za kwaya panjira, osakumbuka ngakhale mutu wa mau, adziwa kuti mantha amenewo sanali acabe.

Koma panali copinga cimodzi: malimbawo sanali a mpingo. Anali cuma ca mzinda, ogulidwa ndi ndalama za eni mzinda, ndipo akuru a mizinda anakana kuononga cinthu cimene makolo ao analipira mtengo waukuru. Kunyada kunalipo ndithu, pakuti mzinda uli wonse unafuna kuti limba lace lipose la mzinda unzace. Pamapeto pace anagawana: pa nthawi ya mapemphero limba likhale cete, koma asanayambe mapemphero, ndi atatha, ndi pa masiku a pakati pa sabata, woliza wolipidwa ndi mzinda alize kuti ali yense wofuna amvere. M'mizinda ina anamlamula kuti alize Masalmo, kuti anthu aphunzire maimbidwe ace atsopano.

Womveka koposa mwa olizawo anali Jan Pieterszoon Sweelinck, amene anatumikira pa chalichi ca Oude Kerk ku Amsterdam zaka zoposa 40, kuyambira ali mnyamata kufikira imfa yace m'caka ca 1621. Mu 1578 mzindawo unacoka m'manja mwa Akatolika nukhala wa Reformed, ndipo iye anakhala wanchito wa boma la mzinda, osati wa mpingo. Amalonda ndi alendo anali kulowa m'chalichimo, ena kukhala pansi, ena kuyendayenda, iye ali kuliza Salmo limodzi kawirikawiri, nthawi iri yonse mwa njira yina. Anyamata anacokera ku Germany kudzaphunzira kwa iye, monga Samuel Scheidt ndi Heinrich Scheidemann, nabwerera kwao ndi luso limenelo. Cimene wailesi iulutsa lero, munthu mmodzi kuliza ndi ena kungomvera, ndi mdzukuru wa masiku amenewo.

Nanga mpingo unaimba bwanji popanda limba? M'machalichi akuru, m'mene munali anthu mazanamazana, kuimba kunali kokoka ndi kosokonezeka. Woyambitsa nyimbo sanamveke kumbuyo. M'caka ca 1641 Constantijn Huygens, mlembi wa kalonga wa Orange, anasindikiza kabuku kodandaula za zinthu ziwiri pamodzi: kuimba koipa kwa m'mapemphero, ndi kuceza kopanda ulemu kwa anthu obwera kudzamvera limba madzulo. Uphungu wace unali wakuti limba libwezedwe ku nchito yotsogolera Masalmo. Abusa ena anamtsutsa kolimba, koma mizinda inatembenuka umodziumodzi, ndipo Amsterdam anabvomera mu 1680.

Apa pali cinthu coyenera kucilingalira. Limba linabwerera m'mapemphero cifukwa ca kufooka kwa kuimba, osati cifukwa cakuti kupembedza kopanda limba kunali kosakwanira. Mpingo wa kumudzi umene uimba bwino, amai kuyamba ndi amuna kubvomera ndi mau akuru, uli kale ndi cimene a ku Amsterdam anali kucifuna. Suyenera kucita manyazi, kapena kulowa m'ngongole, pofuna kufanana ndi za pa wailesi.

BACH PAMASO PA AKURU A MPINGO

Ngakhale kwa a Luther, kumene limba silinaletsedwe, mlandu unabuka. Johann Sebastian Bach, amene nyimbo zace zimveka kawirikawiri koposa pa mapologalamu a limba, anali woliza wa chalichi ca ku Arnstadt. M'caka ca 1705, ali ndi zaka 20, anapempha chuti ca masabata 4, nayenda pansi kunka ku Lübeck, ulendo wa makilomita pafupifupi 400, ngati kucokera ku Lusaka kufika ku Petauke, kukamva nkhalamba Dieterich Buxtehude iri kuliza. Anakhala miyezi pafupifupi 4. Atabwera, mu February 1706, akuru a mpingo anamuitana. Za kucedwa anazichula, koma anaonjezapo cina: kuti potsogolera nyimbo anali kusanganizamo mau ambiri acilendo, kotero kuti mpingo unasokonezeka. Kunamvekanso kuti atadzudzulidwa cifukwa ca kuliza nthawi yaitari, anayamba kufupikitsa mopitirira. Ambiri posimba nkhaniyi aseka akuruwo kuti sanazindikire mphatso ya mnyamatayo. Koma pa mlandu umenewu iwo sanalakwe: anamlemba nchito kuti athandize anthu kuimba, ndipo anthu analephera kuimba. Bach anacoka ku Arnstadt mu 1707; atakula, pamwamba pa nyimbo za mpingo zomwezo anamangapo zina za nchito zace zokoma koposa.

MALIMBA AKALE NDI WAILESI

Muulutsi achula caka ca limba cifukwa malimba sali ofanana. Liri lonse linamangidwira nyumba yace, ndipo mmisiri anakonza citoliro cimodzicimodzi ali kumvera m'nyumbamo. La 1693 ndi la Arp Schnitger, m'chalichi ca St Jacobi ku Hamburg. La 1738 ndi la Christian Müller ku Haarlem, lokhala ndi zitoliro pafupifupi 5,000. Handel analiliza, ndi Mozart yemwe mu 1766 ali ndi zaka 10. Kufikira lero ndi cuma ca mzinda wa Haarlem.

Ca m'ma 1900 anthu ambiri anayesa malimba akale ngati zinthu zotha nchito, nawacotsa kuti aikepo atsopano a m'mafakitale, aphokoso lalikuru. Amene anawatsutsa kolimba ndi Albert Schweitzer, mbusa wa ku Alsace ndi katswiri wa nyimbo za Bach. Mu 1906 analemba kabuku konena kuti akalewo amveketsa bwino liu liri lonse, pamene atsopanowo asanganiza zonse ngati phala. Munthu yemweyu anaphunzira udokotala, napita ku Lambaréné m'dziko la Gabon mu 1913 kukamanga cipatala. Ndipo pobwerera ku Ulaya anali kuyenda m'mizinda kuliza limba, ndalama zace nkugulira mankhwala ndi malata. Mu 1935 kuliza kwace kunajambulidwa pa mbale za galamafoni m'chalichi ca All Hallows ku London. Chalichico cinapsa ndi mabomba mu 1940, ndipo mau a limba lace atsala pa mbalezo.

Limba silinyamulika, wofuna kulimva anayenera kuliyendera, monga anacitira Bach. Wailesi ndiyo inasintha zimenezi. Ku America E. Power Biggs analiza pa wailesi ya CBS m'mawa wa Sabata liri lonse kuyambira 1942 kufikira 1958, ndipo mu 1954 anayenda ku Ulaya kujambula malimba akale, kuti anthu amene sanaolokepo nyanja amve kusiyana kwace. Mu 1982 Michael Barone anayambitsa pologalamu yochedwa Pipedreams ku Minnesota, ya nyimbo za limba zokhazokha.

Womvera koyamba asataye mtima ngati zonse zimveka ngati mtsinje wosefukira. Nyimbo zambiri za limba ziri ndi nyimbo ya mpingo yobisika m'kati mwace. Iyenda pang'onopang'ono, ndi mau otalika, pa mzere umodzi wa zitoliro, pamene mau ena athamanga mouzungulira. Nthawi zina iri pamwamba, nthawi zina iri ku mapazi. Akaipeza, aitsate monga munthu atsata njira m'chire, ndipo zinazo zidzayamba kukhala m'malo mwace. Mtundu wina uchedwa fugue: liu limodzi liyamba lokha ndi kanyimbo kakafupi, laciwiri lilowa ndi kanyimbo komweko loyambalo lisanathe, kenaka lacitatu, ndipo kawirikawiri mau akuru a ku mapazi alowa potsiriza.

Pali cimene wailesi yaing'ono siitha kunyamula. Citoliro ca mamita 10 cinjenjemeretsa mpweya ka 16 pa sekondi imodzi, ndipo khutu la munthu licimva mobvutika. Wokhala m'chalichi acimva m'cifuwa ndi pa benchi limene akhalapo. Kabokosi ka mabatire sikaturutsa liu limenelo. Koma katurutsa zina kwa womvetsera bwino: kugogoda kwa timitengo tolumikiza makiyi ndi zitoliro m'limba lakale, kupuma kwa mibvukuto, ndiponso kukula kwa nyumbayo. Woliza akacotsa manja pa liu lomariza, mau sazima pomwepo. Ayendabe m'makoma amiyala masekondi angapo, ndipo muulutsi wodziwa nchito yace ayamba wadikira kuti athe asanalankhule.