Katemera wa nkhuku ndi mbalame zakutchire

Makalata abwera ambiri, koma lero nditengapo atatu chifukwa onse akuzungulira nkhani imodzi.

Yoyamba yachokera kwa mayi a ku Mchinji. Akuti: "Adokotala, nkhuku zanga ndimazipatsa katemera wa chitopa wodonthezera m'diso. Nkhunda za amuna anga pamodzi ndi njiwa zimadya nawo madeya pabwalo. Kodi sindikuzipatsira matenda?"

Mayi, mwafunsa zomveka. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi kachilombo ka chitopa kamoyo ndithu, koma ka mtundu wofatsa, kosadwalitsa. Nkhuku ikalandira dontho lija, kachilomboko kamaswana m'thupi mwake kwa masiku angapo, kena n'kumatuluka m'chitosi. Choncho njiwa yojompha pamenepo ikhoza kukatola. Mu 2016 ofufuza adalengeza kuti adapeza tizilombo ta katemera wa chitopa, makamaka wa La Sota ndi B1, m'mitundu 17 ya mbalame zakutchire. Komatu kupezeka nato ndi nkhani ina, kudwala nato ndi nkhani inanso. Choopsa kwa nkhunda zanuzo ndi chitopa cholusa chija, chobwera ndi tambala wogula pamsika, ndipo nkhuku yosalandira katemera ndi imene imachimwaza kwambiri. Pitirizani kutemera, mayi, miyezi inayi iliyonse. Inu a nkhuku zachizungu amene mumasungunula La Sota m'madzi akumwa, madzi otsala musakhuthule pabwalo pomwe mpheta ndi akhwangwala amatera. Akwirireni pamodzi ndi timabotolo take.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata woweta nkhuku za nyama ku Lunzu. Wamva zoti katemera amalimbitsa tizilombo m'malo mozipha, ndipo akufuna kusiya.

Achimwene, musasiye, koma zimene mwamvazo sizinangopekedwa. Katemera wina amateteza nkhuku kuti isafe, osatsekereza kachilombo kulowa ndi kutulukanso. Chitsanzo chodziwika ndi nthenda ya Marek, yopuwalitsa miyendo ija, imene katemera wake adayamba cha m'ma 1970. Mu 2015 Andrew Read ndi anzake adaonetsa kuti mtundu wolusa kwambiri wa kachilomboka umapha nkhuku zopanda katemera msanga, m'masiku ngati khumi, usanapeze mpata wofalikira. Nkhuku zakatemera sizifa, ndiye zimakhala zikuumwaza m'fumbi la nthenga kwa nthawi yaitali. Kachilombo kamene kakanadzithera kokha kamapeza pobisala.

Pa chitopa ziliponso pang'ono. Nkhuku yotemeredwa bwino ikakumana ndi chitopa cholusa imatha kutulutsa tizilombo, koma tochepa kwambiri poyerekeza ndi inzake yopanda katemera. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi katemera wa theka: botolo latsala padzuwa, katemera wa nkhuku zana wagawidwa kwa mazana awiri pofuna kusunga ndalama, kapena khomo limodzi latemera pamene makomo ena onse m'mudzimo ayi. Pamenepo nkhuku zimaoneka zamoyo bwinobwino, chitetezo chili chopereŵera, kachilombo kakuyenda mwakachetechete, ndipo nkhanga kapena nkhwali yodutsa kuseri kwa khola imakatenga popanda wina kudziwa. Ine ndimaona kuti kuumira pa katemera n'koipa kuposa momwe alimi ambiri amaganizira.

Yomaliza yalembedwa ndi bambo a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Akufunsa ngati katemera wa chitopa angateteze abakha ndi nkhuku zawo ku chimfine cha mbalame, poti atsekwe ndi mbalame zina zochokera kutali zimatera m'madambo mwawo.

Ayi bambo, sangateteze. Awa ndi matenda awiri osiyana, ngakhale zizindikiro zimafanana moti popanda kuyeza ku labotale n'kovuta kusiyanitsa. Ndipo mbalame zakutchire tisamangoziloza chala. Chimfine cholusa cha H5N1 chimene chafala masiku ano chidapezeka koyamba mu 1996 mwa atsekwe oweta ku Guangdong, m'dziko la China. Kuchoka m'makola chidalowa kutchire, ndipo mu 2005 chidapha mbalame zoposa 6,000 pa nyanja ya Qinghai. Kuyambira pamenepo chakhala chikupita uku ndi uku, kukhola ndi kutchire. Mu 2021 chidapha mbalame zam'nyanja zoposa 20,000 m'mphepete mwa Western Cape ku South Africa.

Katemera wa chimfinechi alipo ndipo amagwira ntchito akafanana ndi mtundu umene wabuka. China itayamba kutemera nkhuku ku mtundu wa H7N9 mu Seputembala 2017, anthu odwala nawo adatsika kuchoka pa oposa 700 m'nyengo yapitayo kufika pa owerengeka ndi zala. France idayamba kutemera abakha ake mu Okutobala 2023. Koma kumeneko katemera amayendera limodzi ndi kuyeza ziweto pafupipafupi, chifukwa bakha wotemeredwa akhoza kukhala ndi kachilombo osaonetsa. Kachilombo nakonso kamasintha, choncho katemerayo amafunika kumusintha nthawi ndi nthawi. Si wogula m'chikwama cha munthu wodutsa.

Kwa inu bambo, chimene chili m'manja mwanu ndi madzi. Abakha asamakasambe pamodzi ndi atsekwe kudambo n'kubwerera kudzagona ndi nkhuku. Mukatchera mbalame, nthenga ndi matumbo ake musatayire nkhuku. Mukaona mbalame zambiri zafa malo amodzi, musatole, musadye, ndipo ana asaseweretse. Dziwitsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Nthawi yatithera. Kalata ya ku Dedza yofunsa za nthomba ya nkhuku tiyamba nayo sabata yamawa.