Matanthwe a Vasquez

Kodi mudaonapo sewero la pa wailesi ya kanema loonetsa anthu akuyenda m'dziko lachilendo, lopanda mitengo, lodzaza ndi miyala yokhayokha? Mwina mudaganiza kuti ojambula adapita kutali kwambiri kukafuna malo otere. Kawirikawiri sizikhala choncho. Lero tiwerenga za malo amodzi amene akhala akuonetsedwa m'masewero ambiri, koma nthawi iliyonse amaoneka ngati dziko lina.

Malowa ali m'dziko la America, m'chigawo cha California, kumpoto kwa mzinda waukulu wa Los Angeles, pafupi ndi kamudzi kotchedwa Agua Dulce. Kumeneko kuli matanthwe otchedwa Vasquez Rocks. Matanthwewa sadaime chilili monga ena. Adapendekeka ngati mabuku amene mwana wawatsamiritsa kukhoma, ndipo nsonga zake zimaloza kumwamba. Thanthwe lalitali koposa limafika pafupifupi mamita 45.

Kodi adapendekeka bwanji? Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 25 miliyoni zapitazo, madzi ankakokolola mchenga, matope ndi timiyala kuchokera m'mapiri n'kumaziunjika m'chigwa. Zokokolokazo zidasanjikizana, zina pamwamba pa zinzake, ndipo patapita nthawi yaitali zidauma n'kusanduka mwala. Pansi pa dera limeneli pali ming'alu ikuluikulu imene imadzetsa zivomezi. Mng'alu wodziwika kwambiri ku California ndi wa San Andreas, ndipo nthambi yake ina idadzera pamalo amenewa. Nthaka itagwedezeka kwa zaka zambirimbiri, miyala yosanjikizana ija idatukuka mbali imodzi. Pambuyo pake mvula ndi mphepo zidachotsa dothi lofewa, n'kusiya matanthwe olimba ali poyera.

Anthu oyamba odziwika kukhala pamalowa adali a mtundu wa Tataviam. Iwo adafika kumeneko zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ankasaka nyama, kutola njere za zomera zakutchire ndi kuziperera pamiyala. Adajambulanso zithunzi pamatanthwe, monga momwe makolo akale adachitira m'mapanga a Chongoni ku Dedza. Azungu a ku Spain atamanga mishoni ya San Fernando m'chaka cha 1797, ambiri mwa anthuwa adasamutsidwira kumeneko, ndipo midzi yawo idasanduka mabwinja. Komabe zidzukulu zawo zilipo mpaka lero.

Dzina loti Vasquez lidachokera kwa munthu wina wachifwamba, Tiburcio Vasquez, amene ankaba akavalo ndi kulanda katundu wa anthu apaulendo. Anthu amasimba kuti m'zaka za 1873 ndi 1874 iye ankabisala m'mapanga ndi m'mipata ya matanthwewa pothawa apolisi. Koma paja chozemba chidakumana ndi chokwawa. Adagwidwa mu 1874, ndipo adanyongedwa mumzinda wa San Jose mu 1875. Mwini dzina adapita, dzina lidatsalira pamiyala.

Ku Los Angeles kuli dera lotchedwa Hollywood, kumene kudakhazikika makampani ambiri opanga mafilimu. Makampaniwa sadachedwe kuona kuti matanthwe aja ndi chuma. Mu 1935, m'filimu yotchedwa Werewolf of London, malowa adaonetsedwa ngati mapiri a ku Tibet. Wailesi ya kanema itafala, masewero a anthu okwera pa akavalo, monga The Lone Ranger ndi Bonanza, adajambulidwanso komweko. Mu 1993 amisiri adamanga mudzi wongoyerekeza pakati pa matanthwewo pojambula filimu ya The Flintstones, ndipo atatha ntchito adauphwasula.

Sewero limene lidatchukitsa malowa koposa ndi Star Trek, losimba za anthu oyenda m'mlengalenga. M'gawo lina limene lidaonetsedwa mu 1967, mtsogoleri wa chombo, Kaputeni Kirk, adapezeka yekha m'dziko lachilendo akulimbana ndi chilombo chonga ng'azi yaikulu chotchedwa Gorn. Chilombocho chidali champhamvu kuposa iye. Kirk adakwera thanthwe n'kuchigubuduzira chimwala, koma sichidafe. Pomaliza adagwiritsa ntchito nzeru: adapanga mfuti ndi nsungwi, adasakaniza wonga, ndipo adachivulaza. Chili gone pansi, iye adakana kuchipha, pakuti adazindikira kuti mwina nacho chinkangoteteza kwawo.

Oonera ambiri adachita mantha ndi chilombocho, koma kunena zoona adali munthu wovala chovala champira. Kirk naye adali wochita sewero, dzina lake William Shatner. Dziko lakutali lija lidali Vasquez Rocks, pamene galimoto zonyamula ojambula zidaima chapafupi pomwepo.

Nanga n'chifukwa chiyani ojambula amabwererabwerera kumalo amodzimodziwa? Choyamba, matanthwewa ndi achilendo m'maso, kotero woonera savutika kukhulupirira kuti akuona dziko lina. Chachiwiri, mvula imagwa pang'ono kumeneko, ndipo masiku ambiri kumawala dzuwa. Chachitatu ndi ndalama. Makampani ndi mabungwe a antchito adapangana kuti ntchito ikachitikira m'kati mwa mamailosi 30 kuchokera pamphambano ina ya mu Los Angeles, antchito azipita okha ndi kukagona kwawo. Matanthwewa ali m'kati mwa malirewo, choncho kampani siwononga zambiri pa zoyendera ndi malo ogona.

Ojambula ali ndi luso lobisa zimene safuna kuti tione. Akaika makina ojambulira pansi n'kulozetsa kumwamba, thanthwe limaoneka ngati phiri lalikulu. Akajambula mbali imodzi yokha, msewu ndi nyumba sizioneka. Miyala imene ochita sewero amaponyerana nthawi zambiri imakhala yochita kupanga ndiponso yopepuka. Ndiye chifukwa chake mwana wanzeru sayesera zoopsa zimene waona pa kanema. Amayamba wadzifunsa kuti, "Kodi zimenezi zidachitikadi, kapena ndi sewero?"

Kutchuka kuli ndi mavuto ake. Malo akamafikidwa ndi anthu ambiri, zomera zimapondedwa, ndipo ena osaganiza amalemba mayina awo pamiyala. Chithunzi chakale chikafufutika, palibe angachibwezeretse. Mu 1972 malowa adalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko la America. Tsopano ndi paki ya maekala 932 yoyang'aniridwa ndi boma la dera la Los Angeles, ndipo wofuna kujambulako filimu amayamba wapempha chilolezo. Ana asukulu ndi alendo amapita kukakwera matanthwewo ndi kuphunzira za anthu amene adakhalapo kale.

Mawu atsopano

Pezani matanthauzo a mawu awa, ndipo muwagwiritse ntchito m'ziganizo zanu: kupendekeka, chivomezi, bwinja, wachifwamba, wonga, kaundula, chilolezo.

Mafunso

1. Kodi matanthwe a Vasquez ali m'dziko liti?
2. Fotokozani mmene matanthwewa adapendekekera.
3. Kodi anthu a mtundu wa Tataviam adasiya chiyani pamatanthwe?
4. Perekani tanthauzo la mwambi woti "chozemba chidakumana ndi chokwawa".
5. N'chifukwa chiyani Kaputeni Kirk adakana kupha chilombo?
6. Tchulani zifukwa zitatu zimene ojambula amakondera malowa.

Ntchito

Funsani agogo kapena akuluakulu a m'mudzi mwanu za thanthwe kapena phiri lodziwika m'dera lanu. Lembani ndime imodzi yofotokoza mmene lidapezera dzina lake, ndi mmene inu mungalisamalire.