Kachirombo ka Mphaka ndi Mwana Wosabadwa

Nsengwa ndiyo linga lotchinjiriza mwana m'mimba mwa mai wake, koma kalipo kachirombo kodziwa kuboola lingalo. Dzina lake ndi Toxoplasma gondii. Asing'anga awiri a ku France, Charles Nicolle ndi Louis Manceaux, adakapeza ku Tunis m'chaka cha 1908 m'kanyama konga mbira, ndipo pofika 1970 kudadziwika kuti mazira ake atuluka m'chimbudzi cha mphaka.

Munthu akatenga pakudya nyama yosapsa, ndiwo zosatsuka, kapena pakudya ndi manja ogwira dothi pamene mphaka adadzithandizirapo. Ambiri samva kanthu konse. Tsoka lili pa mai amene akumana nako koyamba ali ndi pakati.

Tsono mvetsani bwino apa, inu aphunzitsi, pakuti pagona nkhani ndi pano. Kachiromboka sikafika kwa mwana tsiku lomwelo ai. Kayamba kabisala m'tizigawo ting'onoting'ono ta nsengwa, nikaswana m'menemo, ndipo pambuyo pake ndi pamene kaolokera. Pakati pakakhala pang'ono, kaoloka kamodzikamodzi, koma kakaoloka kaononga kwambiri: mai apita padera, kapena mwana abadwa ndi madzi m'mutu. Miyezi yotsiriza kaoloka kawirikawiri, mwana nabadwa wooneka wamoyo, koma patapita zaka maso ake ayamba kuvuta.

Nthawi imene kachirombo kachedwa m'nsengwa ndiwo mpata wa sing'anga. Apereka spiramycin, mankhwala ochokera ku tizirombo ta m'dothi, amene adapezeka ku France cha m'ma 1950. Ubwino wake ndi wakuti aunjikana m'nsengwa momwemo, pamene mdani wamanga msasa. Mai amwa galamu imodzi katatu pa tsiku, kawirikawiri kufikira atachira. Koma tisawatamande mopitirira: mankhwalawa safika mokwanira kwa mwana amene wadwala kale, ndipo akachedwa kuyambidwa phindu lake lichepa.

Chifukwa chake, pakati pakakwana masabata 18, asing'anga atha kutapako madzi ozinga mwana ndi kuwayesa. Akapezamo kachirombo, asintha napereka pyrimethamine ndi sulfadiazine, amene apyola nsengwa. Awa ndi aukali. Achepetsa magazi, kotero awonjezerapo folinic acid nayesa magazi a mai kawirikawiri. Pyrimethamine saperekedwa miyezi itatu yoyamba. Alimonso mu Fansidar amene amai alandira ku sikelo poteteza malungo, koma muyeso wake ndi wina, ndipo wina asanyengedwe kuti Fansidar wa kumsika alowa m'malo mwa kupimidwa.

Ku France mai amene sanadwalepo nthendayi ayesedwa magazi mwezi ndi mwezi. Kumene kuyesa kotere kusowa, chotsala ndi moto ndi madzi: nyama ipse mpaka mkati, manja asambidwe ndi sopo pochoka kudimba. Mphaka musamuphe, mbewa zingakusekeni. Mazira aja sapatsira asanagone tsiku limodzi kapena kuposerapo, kotero wina wa m'nyumba, osati mai wapakatiyo, azichotsa zonyansazo tsiku ndi tsiku.