Makompyuta a mulaibulale: ndani amawalamulira, nanga laisensi ndi ya chiyani?

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya sekondale ku Matope, m'boma la Neno, yalandira makompyuta 10 kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Aphunzitsi aakulu aganiza zowaika mulaibulale kuti aliyense azigwiritsa ntchito: a Fomu 1 mpaka a Fomu 4, aphunzitsi, ngakhalenso anthu a m'midzi yozungulira. Sabata yoyamba zonse zili bwinobwino. Pofika kumapeto kwa teremu, atatu sakuyakanso, awiri adzaza ndi nyimbo ndi magemu, ina munthu wina anaikapo pasiwedi yake n'kuiwala, ndipo otsalawo akuonetsa uthenga wakuti Windows yake ndi yosavomerezeka. Palibe amene waba kapena kuswa chilichonse. Ndiye chalakwika n'chiyani?

Yankho lili pa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri saziganizira tsiku lolandira mphatso: kayendetsedwe ka makompyutawo, ndi malaisensi a mapulogalamu ake. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Kompyuta ya gulu si ya munthu mmodzi

Foni yanu mumaidziwa nokha. Mukaikamo pulogalamu yoipa, wovutika ndinu nomwe. Koma kompyuta ya mulaibulale imatha kugwiridwa ndi anthu 20 pa tsiku. Wina wabwera ndi fulashi imene dzulo inali pamalo oikira nyimbo ndi mafilimu pa Zalewa, ndipo yatola vayirasi. Wina watsegula Facebook n'kuchoka osatseka. Wina wafufuta fayilo yofunika posadziwa. Aliyense walakwitsa pang'ono chabe, koma zolakwika za anthu 300 zikaunjikana, makina aja amagwada.

Nchifukwa chake makompyuta a gulu amafunika kuwayendetsa kuchokera pamalo amodzi. Kompyuta imodzi imakhala ngati kapitawo, ndipo imatchedwa seva. Enawo amalumikizidwa kwa iyo ndi mawaya a netiweki kudzera pa kabokosi kotchedwa switch. Woyang'anira akasintha lamulo pa seva, makompyuta onse amamvera nthawi imodzi. Sachita kuzungulira tebulo ndi tebulo ayi.

Njira zinayi zosungira dongosolo

Yoyamba ndi kukonza kompyuta imodzi bwinobwino, kuikamo zonse zofunika, kenako n'kujambula zonse za mu diski yake kukhala fayilo imodzi yaikulu yotchedwa image. Fayilo imeneyi imakoperedwa m'makompyuta enawo, ndiye onse amafanana ngati njerwa zochokera m'chikombole chimodzi. Ina ikasokonekera, mumangoibwezera image ija, basi. Pulogalamu yaulere yotchedwa Clonezilla imagwira ntchito imeneyi.

Yachiwiri ndi kugawa mphamvu. Pakompyuta pamakhala akaunti ya woyang'anira, imene ingathe kuika ndi kuchotsa mapulogalamu, ndi akaunti wamba imene singathe. Ophunzira amalowa ndi akaunti wamba. Musaone ngati akukukayikirani: vayirasi imene yalowa kudzera pa akaunti yanu imayamba ndi mphamvu zofanana ndi zanu. Ngati inu simungathe kusintha mafayilo aakulu a makinawo, nayonso imavutika kutero. Pa Windows, malamulo otere amaperekedwa kuchokera pa seva pogwiritsa ntchito Active Directory ndi Group Policy.

Yachitatu ndi kuchititsa kompyuta kuiwala. Pali mapulogalamu, monga Deep Freeze, amene amapangitsa kuti zonse zimene munthu wasintha zilembedwe pamalo apadera. Mukazimitsa n'kuyatsanso, zosinthazo zimatayidwa ndipo makinawo amabwerera mmene analili m'mawa. Zili ngati bolodi la m'kalasi limene amafufuta phunziro likatha. Izi zimatetezanso chinsinsi chanu, chifukwa wobwera pambuyo sapeza kalata yanu kapena pasiwedi yanu. Koma samalani: ntchito yanu muzisunga pa seva kapena pa fulashi, apo ayi mawa simuipeza.

Yachinayi ndi kupereka ntchito yonse kwa seva. Pa tebulo lililonse pamangokhala sikirini, kiyibodi, mausi ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa thin client. Kuwerengera konse kumachitika pa seva, kabokosiko kamangotumiza zimene mwalemba ndi kuonetsa zotsatira. Ngakhale kompyuta yakale yopanda diski ingathe kugwira ntchito ngati thin client. Njira imeneyi si yongolota: pulojekiti ya LTSP inayamba mu 1999, ndipo ku South Africa bungwe la Shuttleworth Foundation linaigwiritsa ntchito pokhazikitsa zipinda za makompyuta zotchedwa tuXlabs m'sukulu za ku Western Cape. Kuipa kwake n'koti seva ikafa, onse amakhala chete nthawi imodzi.

Tiwerengeko za magetsi

Mtsinje wa Shire ukadutsa pa Matope umatsikira ku Nkula ndi ku Tedzani, kumene EGENCO imapanga gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966. Komabe kukhala pafupi ndi gwero sikutanthauza kuti magetsi ndi aulere kapena kuti sazima. Ndiye tiyeni tigwiritse ntchito Fizikisi ya m'kalasi, ndi manambala ongoyerekeza osavuta kuwerengera.

Tinene kuti kompyuta yakale ya patebulo pamodzi ndi sikirini yake imadya mawati 150. Makompyuta 10 ndi mawati 1,500. Akayaka maola 6, ndiye 1,500 × 6 = 9,000, kutanthauza 9 kWh, kapena mayunitsi 9 pa mita ya ESCOM.

Tsopano tinene kuti thin client ndi sikirini yake zimadya mawati 30, ndipo seva imadya 150. Zonse pamodzi ndi (30 × 10) + 150 = mawati 450. Pa maola 6, ndiye 2.7 kWh. Mwaona eti? Sizikufika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati sukulu ikudalira sola, kusiyana kumeneku ndi kumene kumauza mapanelo ndi mabatire angati ofunika kugula.

Pali zinanso. Mphamvu imene kompyuta yadya imasanduka kutentha, ndipo m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala simufunikanso chowonjezera kutentha. Fumbi likatseka tizibowo ta mpweya, makina amatentha n'kumazima okha. Seva iyeneranso kukhala ndi UPS, batire imene imaipatsa mphindi zochepa zoti izime mwadongosolo magetsi akathima mwadzidzidzi.

Laisensi: mwagula chilolezo, osati pulogalamu

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukagula njinga, ndi yanu: mungaibwereketse, kuigulitsa kapena kuiphwasula. Pulogalamu ya pakompyuta si choncho. Mwini wake amakhalabe amene anailemba, ndipo inu mumangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito motsatira mfundo zake. Chilolezo chimenechi ndiye laisensi. Mawu ambirimbiri aja amene timangodina kuvomera osawerenga, ndi pangano lenileni.

Kuno ku Malawi, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta monga mmene limatetezera mabuku ndi nyimbo. Bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992. Choncho kukopera pulogalamu yogulitsa popanda chilolezo n'chimodzimodzi kufotokopa buku lonse la wolemba wina n'kumagawa.

Malaisensi a Windows alipo amitundu ingapo. Ya OEM imabwera ndi kompyuta kuchokera ku fakitale ndipo imamatirira pa makina omwewo: kompyutayo ikafa, simungaisamutsire kwina. Ya retail mumagula payokha, ndipo mungaisamutse bola izigwira pa kompyuta imodzi pa nthawi. Ya volume ndi pangano la bungwe limene lili ndi makompyuta ambiri, ndipo masukulu oyenerera amakhala ndi mitengo yawoyawo.

Tsopano lumikizani ndi njira zathu zija. Kukopera image imodzi m'makompyuta 10 sikusandutsa laisensi imodzi kukhala 10. Makina aliwonse ayenera kukhala ndi chilolezo chake. Mukasankha seva ya Windows Server, mufunika laisensi ya sevayo, kuwonjezerapo zilolezo zolumikizira zotchedwa CAL, ndipo ma thin client amafunanso china chotchedwa RDS CAL. CAL imagulidwa powerengera anthu kapena powerengera makina. Sukulu ya ophunzira 300 ndi makompyuta 10 isankhe iti? Powerengera makina, ndithu: 10 ndi yochepa kuposa 300.

Makompyuta amphatso amafuna kufunsa bwino. Kampani yakunja ikamataya makompyuta ake akale, laisensi yake ya volume kawirikawiri imatsala ndi kampaniyo. Ndiye funso loyamba kwa wopereka likhale lakuti: kodi Windows ili m'menemu ili ndi chilolezo chanji, ndipo umboni wake uli kuti?

Bwanji osangoika "yokirakidwa"?

Mwina mukuti, "Aaa, ndani angabwere ku Matope kudzafufuza zimenezi?" Tiiwale kaye za lamulo. Kuti pulogalamu yobedwa igwire, munthu wina amene simukumudziwa waisintha mkati, ndipo inu mukuipatsa mphamvu za woyang'anira. Ngati anabisamo kachipangizo kojambula zimene mukulemba pa kiyibodi, mapasiwedi a anthu onse a mulaibulale apita.

Kachiwiri, kompyuta imafunika ma update, amene ndi zigamba zotseka mabowo a chitetezo. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko oposa 100, kuphatikizapo zipatala za NHS ku Britain. Chigamba chotseka bowolo Microsoft inali itatulutsa kale mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Makompyuta amphatso ambiri ali m'gulu limeneli.

Njira ina: mapulogalamu omasuka

Si mapulogalamu onse amene amaletsa kukopera. Mu 1989 Richard Stallman analemba laisensi ya GPL, imene imalola aliyense kugwiritsa ntchito, kukopera, kusintha ndi kugawa pulogalamu, bola amene wagawa yosinthidwayo apatsenso anzake ufulu womwewo. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki, anayamba kulemba Linux. Mu 2004 kunatuluka Ubuntu, mtundu wa Linux woyambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi m'bale wake wa mawu athu akuti umunthu.

Pa Ubuntu mungaike LibreOffice polembera makalata ndi kuwerengera masamu, Firefox poyendera pa intaneti, ndi Koha, pulogalamu yochokera ku New Zealand yosungira ndandanda wa mabuku ndi obwereka. Kumene netiweki ndi yovuta kapena bando ndi yodula, Kiwix imalola kusunga Wikipedia pa seva kuti onse aziwerenga popanda intaneti. Zonsezi mungaziike m'makompyuta 10 kapena 100 osalipira laisensi.

Koma zaulere zilinso ndi mtengo wake. Pafunika munthu wodziwa kuziyendetsa, ma printer ena amavuta kulumikiza, ndipo ngati buku lanu la Computer Studies likuonetsa zithunzi za Microsoft Word, mabatani ena muwapeza pamalo osiyana. Sukulu iyenera kuyeza zinthu zitatu: ndalama zimene ili nazo, mphamvu ya makinawo, ndi munthu amene adzawasamale wopereka mphatso uja akapita.

Mbali yanu

Mukamaliza, tulukani mu akaunti iliyonse imene munatsegula. Musalole kompyuta ya gulu kusunga pasiwedi yanu. Fulashi muziiyeza kaye ndi antivirus. Musayese kulowa pa akaunti ya woyang'anira mozemba, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta popanda chilolezo. Mukaona chachilendo, uzani woyang'anira laibulale msanga.

Yesani izi

1. Laibulale ili ndi ma thin client 15 odya mawati 30 iliyonse ndi seva ya mawati 200. Ikatsegula maola 5 pa tsiku kwa masiku 20, idya mayunitsi angati?

2. Ofesi ili ndi antchito 4 ndi makompyuta 9 olumikizidwa ku seva. Igule CAL powerengera anthu kapena makina? Chifukwa chiyani yankho likusiyana ndi la sukulu ija?

3. Ngati kusukulu kwanu kuli makompyuta, pemphani aphunzitsi kuti muone limodzi: muli Windows yanji kapena Linux yanji, update yomaliza inaikidwa liti, ndipo mapepala a malaisensi amasungidwa kuti? Lembani zimene mwapeza pa pepala limodzi n'kulisiya mulaibulale. Amene adzabwere kudzakonza makinawo chaka chamawa adzayambira pomwepo.