Magalasi okhala ndi chogwirira a ku Ulongwe

Funso: Malemu agogo anga ankaphikira mzungu kuno ku Ulongwe. Anatisiyira magalasi okhala ndi chogwirira, opanda zokolekera m'makutu. Akuti anali a woweruza milandu. Kodi zingakhale zoona?

Yankho: Zikomo bambo. Magalasi amenewo amatchedwa lorgnette, ndipo anatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, makamaka pakati pa amayi. Kale, pamene Ulongwe ankatchedwa Vila Coutinho, milandu ya anthu akuda inkazengedwa ndi mafumu komanso administrador (mkulu wa boma) wa Chipwitikizi, pansi pa lamulo la indigenato lomwe linathetsedwa mu 1961. Choncho mwina anali a administrador kapena akazi ake. Yang'anitsitsani pachogwirirapo ngati pali dzina kapena chidindo, kenako mukafunse ku Arquivo Histórico de Moçambique, malo osungira zikalata zakale ku Maputo. Chonde musawakweche ndi phulusa, mungafufute zilembozo. Muzingowapukuta ndi kansalu kofewa.